Mtengo wa Ziyankhulo Si Kaundula wa Magazi

Pali mtengo wina umene anthu ophunzira a kwathu amakonda kuujambula akafuna kufotokoza kumene tinachokera. Pa mizu amalembapo kuti Bantu. Pamwamba pa mizuyo amaikapo Aluba, ndipo kuchokera apo pamakwera thunthu lotchedwa Amaravi, ngakhale kuti wojambulayo akakhala wa ku Kasungu kapena ku Katete thunthulo amangolitcha Achewa basi. Kenaka zimatambalala nthambi: Anyanja, Amang'anja, Achipeta, Ansenga, Achikunda, Ambo, Antumba, Azimba. Ayao, Alomwe, Atumbuka ndi Angoni amawabzalira mitengo yawoyawo kuseri kwa mpanda. Chithunzicho n'chokongola ndithu, ndipo mwana wa sitandade 5 akhoza kuchiloweza tsiku limodzi. Koma n'chabodza, abale anga, ndipo bodza lake lili ndi mano, chifukwa kulikonse kumene mtengowu waimikidwa sipapita nthawi wina asanafunse kuti, "Nanga Mchewa weniweni ndi uti?"

Mtengowo wamanga pamodzi zinthu zimene siziyenda njira imodzi: chiyankhulo chimene anthu amayankhula, magazi a amene anawabereka, mfumu imene ankaipatsa mtulo, ndi malo amene anamangapo midzi. "Bantu" ndi dzina la gulu la ziyankhulo. "Maravi" linali dzina la maufumu ndi anthu okhala pansi pake. Anyanja ndi anthu a kunyanja, Achipeta ndi anthu a m'dziko la udzu wautali. Kusanja maina amenewa pa mtengo umodzi ngati agogo, mayi ndi mdzukulu kuli ngati kunena kuti mbuzi inabala khola, khola n'kubala nyakwawa.

Tiyambire ku mizu. Palibe kholo lathu ndi limodzi lomwe limene linadzitchapo "Mbantu". Mawuwa anawapeka Wilhelm Bleek, Mjeremani amene ankagwira ntchito ku Cape Town, ndipo anawafalitsa m'buku lake la galamala la 1862. Iye anaona kuti ziyankhulo zambiri za chigawo chino cha Africa zili ndi tsinde limodzi la mawu otchulira munthu: ife timati munthu, Mshona amati munhu, Myao mundu, Mswahili mtu, Mzulu umuntu. Anaonanso kuti zonsezi zimaika maina m'magulu mofanana. Mu 1899 Carl Meinhof anasonyeza kuti kufanana kumeneku kuli ndi malamulo ake, kuti liwu limodzi lakale linasintha mwadongosolo m'chiyankhulo chilichonse. Tengani mawu oti "zinthu". Ku Tete Mnyungwe amati bzinthu, kumunsi kwa Zambezi Msena amati pinthu, Mtumbuka amati vinthu, Mswahili vitu, Mbemba ifintu, Mshona zvinhu. Kachidutswa ka kumayambiriroko, zi, bzi, pi, vi, fi, zvi, konse kakuchokera ku kachidutswa kamodzi kakale kamene akatswiri amakalemba kuti bi. Umboni wotere ndi wolimba kwambiri, ndipo ine ndimaukonda kuposa nthano iliyonse ya ulendo. Ukutiuza kuti ziyankhulo pafupifupi 500 zinachokera ku chiyankhulo chimodzi chimene chinkayankhulidwa zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon, monga Joseph Greenberg anatsimikizira.

Umboniwo umathera pomwepo. Sutiuza kuti anabereka wina ndani. Mwana satenga chiyankhulo m'mimba. Amachitola kwa omulera ndi kwa anzake a pabwalo. Mudzi wonse ukhoza kusintha chiyankhulo m'mibadwo iwiri magazi ali omwewo, ndiponso chiyankhulo chikhoza kukhala pamalo zaka mazana anthu ake akusakanikirana ndi alendo chaka ndi chaka.

Ena, pofuna kuti mtengo wawo uoneke wa kusukulu, amaukoleka manambala a Malcolm Guthrie: Chinyanja N31, Chitumbuka N21, Chisena N44, Chiyao P21, Chilomwe P32. Amati taonani, Ayao ndi a chilembo china, choncho ndi a fuko lina. Guthrie anakonza zigawo zimenezi mu 1948 kuti zikhale ngati mashelefu a m'laibulale, ndipo pozikonza anatsata kwambiri mapu, ziyankhulo zoyandikana malo n'kuziika pamodzi. Akatswiri a lero amagwiritsabe manambalawo ngati keyala chabe. Ndipo ojambula mtengo sanawerenge bwino shelefu yomwe akuidalirayo. Chinsenga, chimene amachikoleka ngati nthambi ya Chichewa, Guthrie anachipatsa N41, m'gulu limodzi ndi Chikunda, Chinyungwe ndi Chisena, pomwe akatswiri ena pambuyo pake anachiika pafupi ndi Chibisa ndi Chilala. Chinyanja, Chichewa ndi Chimang'anja anazipatsa nambala imodzi, N31a, N31b ndi N31c, zitatu zonse pamzere umodzi, popanda ina yokhala mayi wa inzake.

Ngati mukufuna kuona mmene chiyankhulo ndi magazi zimasiyanirana njira, simufunika kupita kutali kapena kale kwambiri. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku la kadamsana. Chiyankhulo chimene atsogoleri awo anachoka nacho kumwera chinali chachibale ndi Chizulu. Koma gulu limene linawolokalo linali litatola kale anthu a mitundu yambiri m'njira, ndipo linapitiriza kutola Ansenga, Achewa ndi Atumbuka. Lero a kwa M'mbelwa ku Mzimba amayankhula Chitumbuka. A kwa Mpezeni ku Chipata amayankhula chiyankhulo chimene phata lake ndi Chinsenga. A kwa Gomani ku Ntcheu, a gulu la Maseko limene linayenda ulendo wakewake, amayankhula Chichewa chimene ambiri a ife timachisirira. Ndiye Mngoni wa ku Lizulu mumuika pa mtengo uti? Mukatsata lilime lake, ndi wathu. Mukatsata chiwongo, ndi wa kumwera. Mukafunsa za agogo ake aakazi, mwina onse anayi anali Antumba.

Achikunda ndiye amaugwetseratu mtengowo. Iwo anayamba ngati asilikali akapolo a m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi m'mbali mwa Zambezi, anthu otengedwa m'mitundu yosiyanasiyana amene anapanga chiyankhulo, mwambo ndi dzina lawolawo. Allen ndi Barbara Isaacman analemba mbiri imeneyi mwatsatanetsatane. Palibe kholo lotchedwa Mkunda limene linapatukana ndi mbale wake Mchewa pa phiri lina. Chimodzimodzinso mafumu a Makololo ku Chikwawa, a Kasisi, a Katunga, a Maseya: makolo awo anabwera ndi David Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, anatsala m'chigwa cha Shire m'zaka za m'ma 1860, nalamulira Amang'anja. Zidzukulu zawo zikuyankhula Chimang'anja, ndipo ndani angalimbe mtima kukawauza kuti si eni chiyankhulocho? Zonsezi zachitika m'zaka 200 kapena 300 zapitazi, pamene panali anthu ozilemba. Nanga tili ndi chifukwa chanji choganizira kuti zaka 1,000 za m'mbuyo mwake, pamene panalibe wolemba, mitundu inkangophuka mwaulemu ngati nthambi, yosakhudzana?

Wina adzati, kodi kapimidwe ka DNA sikatsimikizira mtengowo? Apa tiyenera kunena chilungamo. Kufalikira kwa ziyankhulo za Bantu kunayendadi ndi anthu, anthu enieni onyamula mbewu, zitsulo ndi ana kumsana. Kafukufuku wa Pontus Skoglund ndi anzake wa 2017 anapima mafupa a anthu akale a ku Hora, ku Fingira ndi ku Chencherere, ena a zaka zoposa 8,000, napeza kuti alenje amenewo, omwe nthano zathu zimawakumbuka ngati Akafula kapena Abatwa, sanasiye chizindikiro chooneka m'magazi a Amalawi a lero amene anapimidwa. Imeneyi ndi nkhani yolemera, ndipo aliyense wokonda kudzitcha mwini nthaka ayambe waima pamaso pa zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni n'kudzifunsa kuti eni ake anapita kuti. Koma onani chimene kafukufukuyo sananene. Sanapeze magazi a Chichewa apa, a Chiyao apo. Pa mfundo imeneyi Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Angoni amene anapimidwa anatuluka chimodzimodzi, mpanda umene mwawamangira uja osaoneka. Ndipo kumwera, Axhosa, amene chiyankhulo chawo ndi cha Bantu ngati chathu, ali ndi gawo lalikulu la magazi a Akhoi ndi Asan, ndipo anatengako ngakhale mamvekedwe otheketsa lilime aja. Banja la ziyankhulo ndi limodzi, koma mbiri za magazi m'kati mwake n'zambiri.

Tsopano thunthu lenilenilo, Amaravi. Nkhani zathu zomwe, tikazimvetsera modekha, sizinena za fuko limodzi. Zili ndi chiyambi chapawiri: china chimati anthu anatsika pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, nasiya mapazi pa thanthwe, china chimati anachokera ku Uluwa. Zili ndi mafuko akuluakulu awiri: a Banda, osunga nthaka ndi akachisi a mvula monga wa Makewana ku Msinja, ndi a Phiri, eni ufumu wa Kalonga. Mayi wa ufumu, Nyangu, anali wa kwa Phiri, koma mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa a Banda. Amenewo ndi makonzedwe a pangano, a magulu awiri amene anakumana nagwirizana zokhalira limodzi. Ofukula zakale akuvomereza kuti dzikoli silinali lopanda alimi pamene a Kalonga ankafika. Mapale a mbiya za mtundu wa Nkope, amene Keith Robinson anafukula m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndi a zaka za m'ma 200 ndi 300 AD kumka mtsogolo, pomwe likulu la Kalonga ku Mankhamba, limene Yusuf Juwayeyi anafukula napezamo mikanda, mkuwa ndi zidutswa za mbale za ku China, ndi la zaka mazana ambiri pambuyo pake. Alimi a zaka zonsezo, amene ankasula zitsulo ndi kuumba mbiya ufumu usanabwere, ali pa nthambi iti? Mtengo uja ulibe malo awo, chonsecho n'kutheka kuti ndiwo ochuluka mwa makolo athu.

Ndipo ufumuwo utakula unachita zimene maufumu onse amachita, kusonkhanitsa anthu. Undi anapita kumadzulo nakhazikika ku Mano, m'dera la Tete lero, ndipo mphamvu zake zinafika kwa Ansenga. Lundu wa kuchigwa cha Shire anatambasulira zake kum'mawa, m'dziko la Alolo ndi Amakua. Munthu wopereka mtulo wa minyanga kwa Undi ankawerengedwa wa Undi, kaya agogo ake ankayankhula chiyani. Antonio Gamitto, amene anadutsa m'dzikoli mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba Amaravi ndi Achewa ngati magulu awiri oyandikana, ndipo maina onse awiri ali pa mutu wa buku lake. Izi sizitanthauza kuti Gamitto ankadziwa kuposa makolo athu. Zikungosonyeza kuti maina amenewa akhala akufutukuka ndi kukhwinyata, ndipo tanthauzo limene tikuwapatsa lero si limene anali nalo nthawi zonse.

Pali masamu ochepa amene ojambula mitengo amawathawa. Munthu ali ndi makolo awiri, agogo anayi, ndipo pa mbadwo uliwonse chiwerengerocho chimawirikiza. Mukabwerera mibadwo 20, zaka pafupifupi 500, nthawi ya a Kalonga, mipando ya makolo anu ndi 1,048,576. Chiwongo chanu chikutsata mpando umodzi wokha mwa imeneyo. Ndipo kwathu kuno nkhani imavuta kawiri, chifukwa mbumba, munda ndi ufumu zimatsata kwa mayi, pomwe m'madera ambiri lero chiwongo munthu amatenga cha bambo. Mwana wa mkamwini wa Chiyao wobadwira m'mudzi wa Achewa ndi Mchewa pamaso pa malume ake, ndipo akhoza kulowa ufumu. Mwambo wathu womwe unapangidwa kuti uzimeza alendo. Wofunsa za Mchewa weniweni watenga muyeso wachilendo n'kumayesera mwambo umene sunaudziwepo.

Bwanji ndikuchita mkangano pa chithunzi chabe? Chifukwa masewera osandutsa banja la ziyankhulo kukhala mtundu wa magazi anaseweredwapo kale, ndipo mathero ake tikuwadziwa. Ku Ulaya mawu oti "Aryan" anayamba ngati dzina la m'maphunziro a ziyankhulo, ndipo Max Müller, amene anathandiza kuwatchukitsa, anachenjeza yekha kuti asawasandutse dzina la magazi, sanamumvere. Kuno ku Africa tinali ndi nthano ya Ahamu. John Hanning Speke mu 1863 analemba kuti olamulira a maufumu a kunyanja zazikulu anali alendo ochokera kumpoto. Meinhof yemwe uja, katswiri weniweni pa Bantu, anaterereka mu 1912 pamene anaika Chifulani, Chimasai ndi Chinama m'banja limodzi la "Chihamu", ndipo C. G. Seligman mu 1930 anaphunzitsa kuti chitukuko chonse cha Africa chinabwera ndi Ahamuwo. Greenberg anaonetsa kuti banja loterolo kulibe, koma pofika nthawiyo atsamunda a ku Belgium anali atalemba kale mtundu wa munthu aliyense pa ziphaso ku Rwanda, dziko limene Ahutu, Atutsi ndi Atwa onse amayankhula Kinyarwanda. Za 1994 sindifunika kukukumbutsani. (Ndipo abale athu amene amakokera mizu ya Achewa mpaka ku Egypt kapena ku Israel adziwe kuti akumwa pa chitsime chomwecho cha Speke: maganizo oti chinthu chabwino mu Africa chiyenera kuti chinachokera kwina.) Ku South Africa mawu a Bleek aja boma linawalemba pa lamulo la maphunziro la 1953 ndi pa maiko ongopeka a anthu akuda, mpaka "Bantu" linasanduka chitonzo pakamwa pa eni ake.

Musaganize kuti zimenezi n'zakutali. Kaundula wa makolo watiluma kale ifeyo. Mu 1996 malamulo a Zambia anasinthidwa kuti wopikisana pa upulezidenti akhale wa makolo onse awiri a m'dzikomo, ndipo Kenneth Kaunda, wobadwira ku Chinsali, amene analamulira zaka 27, anatsekeredwa kunja chifukwa makolo ake anachokera ku Nyasaland. Ku Zimbabwe kusintha kwa lamulo la unzika kwa 2001 kunasiya ana ndi zidzukulu za anthu a m'migodi ndi m'mafamu, obadwira komweko, akutchedwa alendo pa ziphaso zawo. Ambiri mwa iwo ndi anthu a chiyankhulo chathu. Ndipo taonani: makolo awo anali Achewa, Ayao, Angoni, Alomwe, Atonga, Asena, koma m'makomboni chimene chinawalumikiza chinali Chinyanja ndi gule, mpaka malamulo a dziko a 2013 anaika Chewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Ife amene tinalira nawo pamene boma linawafunsa za agogo awo, tingatembenukenso n'kuwafunsa funso lomwelo tisanawalole kutchedwa eni chiyankhulo?

Ndikudziwa kuti ambiri ojambula mtengowu cholinga chawo n'chabwino. Akufuna kunena kuti malire amene Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula anthu amodzi, kuti wa ku Dedza, wa ku Angónia ndi wa ku Chadiza ndi abale. N'zoona, ndipo amene anafikako ku Mkaika pa Kulamba, mafumu a maiko atatu akugwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi, sangakane. Koma chimene chimachitika pa Mkaika ndi mtulo, ulemu ndi pangano, zomwe zija zinamanga Maravi poyamba. Palibe amene amaima pachipata kupima magazi. Umodzi woterewu sufuna mtengo, ndipo mtengo umauwononga, chifukwa mtengo uyenera kukhala ndi thunthu, ndipo aliyense amafuna thunthulo likhale iye.

Tinaziona mu 1968, pamene msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, n'kuchotsanso Chitumbuka pa wailesi. Kamuzu Banda ankakhulupirira kuti Anyanja ndi Amang'anja onse ndi Achewa oiwala dzina lawo. Chonsecho chiyankhulo chimenechi chinali chitalembedwa kale ndi maina ena: Johannes Rebmann anachitcha Kiniassa m'buku lotanthauzira mawu limene linatuluka mu 1877, lochokera pakamwa pa Salimini, munthu wa chigawo chapakati amene anagwidwa ukapolo, David Clement Scott anachitcha Chimang'anja mu 1892, Buku Lopatulika la 1922 linali la Chinyanja chogwirizanitsa cha kumwera ndi cha pakati. Zambia ndi Mozambique sanatsate chigamulo cha 1968, n'chifukwa chake mpaka lero chiyankhulo chimodzi chili ndi maina awiri, ndipo mabuku a sukulu savomerezana ngakhale pa kalembedwe ka "ch" ndi "c". Nthambi itadzitcha thunthu, phindu lake linali limenelo.

Chithunzi cholondola cha chiyankhulo chathu chili pafupi ndi madzi osefukira m'dambo kusiyana ndi mtengo, ndipo akatswiri anazindikira zimenezi kale: mu 1872 Johannes Schmidt anatsutsa mtengo wa mphunzitsi wake August Schleicher ponena kuti kusintha kwa chiyankhulo kumafalikira ngati mafunde, mudzi ndi mudzi. Yendani pansi kuchokera ku Kasungu kudzera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, kapena mukhotere ku Tete. Simudzapeza mtsinje umene tsidya lino akuyankhula china, tsidya ilo china. Mudzangomva vuto likusanduka bvuto, fuko likusanduka pfuko, zinthu zikusanduka bzinthu kapena pinthu, pang'onopang'ono, mudzi uliwonse ukumvana ndi woyandikana nawo.

Choncho amene akufuna kujambula ajambule, koma alembe pamwamba chimene akujambula. Ngati ndi ziyankhulo, aike Chichewa, Chinyanja ndi Chimang'anja pamzere umodzi, ndipo asatchulepo magazi. Ngati ndi maufumu, aike zaka ndi mapu, ndipo avomere kuti Amakua ena anali pansi pa Lundu pomwe midzi ina ya Achewa inathera pansi pa Mpezeni. Ndipo tikadzafika pa ntchito imene ambiri timailakalaka, ya buku limodzi lalikulu lotanthauzira mawu la maiko onse, funso lolowetsera mawu likhale loti amawanena ndani ndipo kuti. Mawu a mdzukulu wa Alomwe wa ku Thyolo amene sanamvepo chiyankhulo china m'nyumba mwawo alowemo, a msodzi wa ku Metangula alowemo, a wogulitsa pamsika wa Soweto ku Lusaka amene amati vinthu alowemonso, ndipo pambali pa liwu lililonse palembedwe dera limene limamveka.